Chikole cha pa Disiketi

Basi inamutsitsa pamphambano ya ku Matope mdima utagwa kale. Inatsokomola utsi n'kumapita. Bester anatsala yekha ndi chikwama chake cham'manja.

Unali Okutobala wa 1992, chaka chimene mvula inakana. Nthaka inkabweza moto wa masana kudzera m'nsapato.

Kolowera sanakudziwe. Iye anali mwana wa ku Ndirande, kumene njira amailondola ndi mayina a mabala ndi magolosale. Kuno kunali milambe yokhayokha, yonse nkhope imodzi.

Anayatsa machesi n'kuwerenganso kalata.

"Okondedwa aBester. Bwerani Lachisanu lino kwathu ku Matope. Amalume akufuna kukuonani. Mukatsika mufunse kwa aGerishon a bwato. ALaimoni asiya chinthu pakhomo pano. Mukachedwa musadzandifunse. Ndine Stelia."

Woti n'kumufunsa panalibe. Anatsata njira yotsetsereka, poganiza kuti mwini bwato sangamange kumtunda.

Atayenda ndithu, anamva phokoso. Silinali la ng'oma. Silinali la wailesi. Linali phokoso limene ankalimva m'masitolo a ku Limbe. Pyu! Pyu! Kenako anthu n'kukuwa.

Pansi pa mtengo wa masau panali kuwala. TV yaing'ono inali pampando, batire la galimoto pansi pake. Patsogolo panali kabokosi ka magemu ndi zingwe zake. Anthu ngati makumi atatu anali atakhala pansi. Pakati pawo panaima bambo wamtali, wa imvi, atatsinzina diso limodzi. M'manja anali ndi mfuti ya pulasitiki. Ankaombera abakha ouluka pagalasi.

"Kumanzere, aGerishon! Kumanzere!"

"Takhalani chete, mukundithawitsira!"

Bakha anagwa. Anthu anawomba m'manja.

Wina anamukoka malaya Bester chakumbuyo. Anali Stelia.

"Mwafika."

"Amalume ako ndi amenewo?"

"Ndi amenewo. Chinthu chija n'chimenecho."

*

Bester ndi Stelia anadziwana ku Chifunga, miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Bester ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Bungwelo linali ndi maofesi asanu ndi awiri, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Dedza, iliyonse ndi kompyuta yake. Iye ankangozungulira. Ikafa ya uku, akwera basi. Ikadzuka, akweranso. Malo amodzi sankagonapo kupitirira masiku anayi, ndipo zimenezo zinkamukomera.

Stelia ankataipa pa kompyuta ya ku Chifunga. Akaweruka, jenereta inkatsala ikulira kwa theka la ola. Theka la olalo ndi limene linawapalamulira. Bester anamuonetsa magemu. Stelia anati n'zachibwana, zongothamangitsana basi.

"Bawo mulibemo?"

Ulendo wotsatira Bester anabwera nalo pa disiketi, lopanga yekha. Likayaka, pagalasi pankayamba kutuluka mawu awiri: KWA STELIA.

Laimoni wa m'kalata uja Bester ankamudziwa pang'ono. Anali mwini lole pa Zalewa, wonyamula ufa ndi nandolo kupita nazo ku misasa ya othawa nkhondowo. Ankakumana pazipata za maofesi, wina akulowa, wina akutuluka.

*

Atapatsana moni ndi akuluakulu, Stelia anamupezera mpata kuseri kwa nkhokwe. Nkhokwemo munalibe kanthu.

"Yakhala pano milungu itatu," anatero motsitsa mawu. "ALaimoni anati ndi yoti ana azisewera. Ana sanaikhudzepo. Amalume bwato analiiwala."

"Ndiye vuto lili pati? Munthu wabwereketsa TV yake."

"Inu a m'tauni inu. Mwamuna wosakwatira asiye katundu pakhomo pamene pali mbeta, eni khomo n'kulandira. Kwanu mumati kubwereketsa? Kuno ndi chikole chimenecho. Ikafika Loweruka la sabata yamawa isanabwezedwe, atumiza ankhoswe."

"Iwe unavomera?"

"Anandifunsa ndani? Ndinabwera kudzaona amayi, ndinaipeza ikulira."

"Nanga amayiwo akuti chiyani?"

"Amayi ndinawaonetsa disiketi ija."

Bester anaseka. "Anaiwerenga?"

Stelia anamuyang'ana. Sanaseke.

"Mawa muziyankhula moganiza," anatero, n'kubwerera kwa azimayi anzake.

Anamuyalira mphasa m'kanyumba kosungiramo maukonde. Munali fungo la milamba youma. Panja abakha anafa mpaka batire linatha.

*

Laimoni anafika m'mawa, dzuwa lisanapse. Lole anaiimika pamene aliyense angaione. Anatsitsa batire lotchaja kumene, analisenza yekha paphewa, malaya ake oyera osada n'pang'ono pomwe.

"Aa, achimwene a makompyuta! Mwasochera?"

"Ndabwera kudzacheza."

"Mwachita bwino. Khadi la chipani muli nalo? Anyamata a pa Zalewa sakuseka ndi munthu masiku ano."

Bester anagwira thumba la malaya.

"Basi, ndinu munthu," anatero Laimoni.

AGerishon anaitanitsa mipando itatu pansi pa masau paja. Azimayi anayala mphasa chapatali pang'ono, poti n'kumva zonse. Amayi ake a Stelia, aEnelesi, ankasola thonje m'lichero. Stelia anakhala kumbuyo kwawo, maso pansi.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anayamba aGerishon. "Tamva kuti inu ndinu dokotala wa makina. Mwana wathuyu akuti ku ofesi kwake kuli chinthu choposa ichi. Ine sindinachione. Tatiuzani. Chabwino n'chiti, kabokosi aka kapena kompyuta yanuyo?"

Bester mtima unakhala pansi. Ankayembekeza kufunsidwa za makolo ake, za mpingo, za malipiro. Mkangano uwu ndiye anali ataupambana kambirimbiri ku Limbe.

"Bambo, dzulo munapha abakha angati?"

"Makumi anayi ndi atatu."

"Ali kuti?"

AGerishon anayang'ana TV. "Batire linatha."

"Ndi pamenepo. Kabokosi aka n'koiwala. Mukazimitsa, mawa muyambirenso pa bakha woyamba. Kompyuta imasunga. Dzina lanu, zimene mwapambana, pamene munalekezera. Mubwere chaka chamawa, mudzazipeza."

"Chinthu chokumbukira zonse n'choopsa pabanja, amalume," anatero Laimoni.

Azimayi anaseka. Bester anamva kuti mnzakeyo akuti amalume, iye akuti bambo.

"Chachiwiri," anapitiriza. "Aka kakafa, kafa. M'dziko muno mulibe woti akatsegule. Kompyuta ili ndi masikuluwu anayi. Mumatsegula, kuchotsa chofookacho, kuika china. Ikakalamba mumaiwonjezera mphamvu."

"N'chifukwa chake achimwenewa sagona pakhomo," anatero Laimoni. "Zawozo zimadwala sabata iliyonse. Kanga aka milungu itatu sikanatsokomoleko."

"Kompyuta imagwira ntchito masana. Imalemba makalata, imasunga mayina a anthu zikwizikwi. Madzulo ndiye mumasewerapo. Ili ngati ng'ombe, bambo. Ngolo imakoka, mkaka imapereka. Aka ndi galu wa mzungu. Kudya ndi kusewera basi."

AGerishon anagwedeza mutu. Za ng'ombezo zinawalowa.

"Galu wa mzungu," anabwereza, akuyang'ana kabokosiko ngati akukaona koyamba.

Bester anaona kuti njira yatseguka.

"Achimwene, makaseti a magemu muli nawo angati?"

"Atatu."

"Muli bawo?"

Laimoni anayang'ana kabokosi kake.

"Mulibe. Amene anapanga zimenezi sadziwa kuti kunja kuno kuli Matope. Amakupatsani zimene afuna iwo, mabatani awiri, dinani apa. Pa kompyuta munthu umapanga gemu yakoyako. Ine ndinapanga bawo."

AGerishon anasendeza mpando.

"Bawo lenileni? La nkhomo?"

"Mizere inayi, maenje ake onse."

"Limatakata?"

"Limatakata. Limadya."

"Limabera?"

"Silibera."

"Ndiye si bawo limenelo."

Anthu anaseka, aGerishon nawonso. Koma maso awo anali atasintha.

"Lili kuti tilione?"

"Ku Chifunga, ku ofesi."

"Kompyutayo ndi yanu?"

"Ndi ya bungwe."

"Ooo."

Laimoni anapukuta fumbi pa TV ndi mpango wake, mosafulumira.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amalume. Wapachala ngwamphepo. Kangaka n'kopusa, ndavomera. Koma ndi kanga, ndipo kali pano."

Mawuwo anamulasa Bester. Anayang'ana kwa Stelia. Stelia anapukusa mutu pang'ono, kamodzi. Iye anaganiza kuti akumuuza kuti asagonje.

"Kanu, inde. Koma kaseti imodzi ikathyoka mudikira lole yochokera ku Joni. Gemu ya pa kompyuta imakhala pa disiketi, kanthu kopyapyala ngati chikuto cha kope. Mphindi imodzi ndakopera ina, yofanana ndendende. Ndikhoza kugawira mudzi wonse uno ine osatayapo kalikonse. Panopa bawo langa lili ku Nsanje. Lili ku Chikwawa, ku Mulanje, ku Mangochi, ku Ntcheu, ku Dedza. Kulikonse kumene ndapita ndasiyako."

Anamaliza. Anadikira kuti wina aseke kapena adabwe.

Kumphasa kuja kunali zii.

*

AEnelesi anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kamtolo ka duku, anagwada m'mphepete mwa bwalo, n'kuyamba kumasula. M'dukumo munali envulopu. Mu envulopumo munali disiketi.

"Pepani achimwene," anatero kwa aGerishon. "Ndifunseko mlendoyu."

"Funsani."

"Bambo, chimene mukunenacho ndi ichi?"

"Ndi chimenecho, mayi."

"Mwana wanga anabwera nacho kuno. Anati amayi, musalandire za munthu wina, ine chikole ndili nacho kale. Ndinati chikole chanji chosavala, chosaphikira? Anati mkati mwake muli ntchito ya manja a mwamunayo. Ndinati chabwino, n'zamakono, ife tinatsalira. Ndachisunga pamodzi ndi makadi a ubatizo."

AEnelesi anakweza maso kwa Bester.

"Tsono mwati zilipo zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri, mayi."

"Akusunga ndani?"

"Otaipa a m'maofesimo."

"Amuna?"

Laimoni ankayang'ana zikhadabo zake.

"Akazi," anatero Bester.

AEnelesi sanakweze mawu. Anakankha disiketiyo ndi chala chimodzi mpaka inafika pafupi ndi nsapato za Bester.

"Ine sukulu sindinapite. Koma nsalu ndikaing'amba pawiri, aliyense amaona kuti yachepa. Mwamuna akapereka nkhuku, m'khola mwake mumatsala malo. Ichi mukuti mumang'amba osachepa. Ndiye ife tidziwa bwanji kuti mwapereka kanthu?"

Stelia anadzuka, anatenga ndowa, anatsata njira ya kumtsinje.

AGerishon anakanda chibwano nthawi yaitali.

"ALaimoni," anatero. "Talumikizani batirelo."

*

Bester anamupeza Stelia kudimba, m'mbali mwa Shire. Ankathirira mpiru. Madzi ankangolowa m'nthaka osasiya chizindikiro.

"Sunandiuze kuti ndi chikole."

"Tsiku munandipatsa lija, ndinalandira bwanji?"

Bester anaganiza.

"Ndi manja awiri."

"Nditagwada. Mu ofesi, pasimenti. Munkaganiza kuti ndataya chiyani pansipo?"

"Ndinkaganiza kuti ndi ulemu wa kuno."

"Ndimagwadira aliyense wondipatsa disiketi? Abwana amandipatsa khumi pa tsiku."

Anatunganso madzi. Bester anafuna kumulandira ndowa. Anakana.

"Umamufuna Laimoni?"

"ALaimoni amanunkha fodya. Amaseka nthabwala zawo zomwe asanazimalize." Anathira madzi. "Koma Loweruka lililonse amabwera. Batire likatha, pakhomo ponse timadziwa kuti munthu ali m'njira. Inu timadikira kuti kompyuta ife. Kawiri konse ndinamasula chingwe cha mkati dala, kuti akuitaneni."

"Ndinadziwa."

"Munadziwa. Munangolumikiza, kumwa tiyi, n'kukwera basi."

Kutsidya munthu ankapalasa bwato motsutsana ndi madzi. Anamuonerera onse awiri mpaka anakhota.

"Zonse munanena zija n'zoona," anatero Stelia. "Kabokosi kaja n'kachibwana. Ine ndinakagwira kamodzi, kanandibowa. Mukanalekera pa bawo, amalume anali atagwa kale. Koma inu mukayamba kupambana simumva."

"Ndikonza."

"Si kompyuta iyi."

Anaika ndowa pansi. Anapukuta manja pachitenje.

"Funso limodzi. Mundiyankhe mondiyang'ana. Yanga ikayaka imalemba KWA STELIA. Zinazo zimalemba chiyani?"

Bester anamuyang'ana.

Zisanu zinkangolemba BAWO. Ya ku Nsanje ayi. Ya ku Nsanje ndiyo inali yoyamba. Anaipanga chaka chatha, asanadziwe n'komwe kuti ku Chifunga kuli Stelia. Anaipangira Phoebe, wotaipa wa kumeneko, wa mpata m'mano, wokonda kulemba makalata aatali. Makalatawo Bester anasiya kuyankha. Kompyuta ya ku Nsanje ikafa ankapita, kukonza, n'kubwerera tsiku lomwelo. Dzina sanalichotse. Kulichotsa kunkafuna kukhala pampando umodzi ndi mwini dzinalo, n'kufotokoza.

Stelia atafunsa za bawo tsiku lija, iye anangosintha mzere umodzi. Tiyi anali asanazizire n'komwe.

"Zimangolemba BAWO," anatero.

"Zonse?"

"Zonse."

Stelia anapuma mozama. Mapewa ake anatsika.

"Chabwino. Ndiye mverani. Mukazifafanize. Konse kumene munasiyako. Itsale yanga yokha padziko pano. Mukatero mubwere ndi ankhoswe anu Loweruka, m'mawa, lole isanafike. Amayi ndiwauza ndekha kuti nsalu yasokedwa."

"Maofesi asanu ndi imodzi. Sabata imodzi."

"Si mumakonda kuyenda?"

Anatambasula dzanja. Bester anatulutsa m'thumba disiketi ija, imene anaitola pabwalo, n'kumupatsa. Analandira ndi dzanja limodzi, ali chiimire.

*

Dzuwa litapendeka aGerishon anamuitanira Bester kuseri kwa khola la mbuzi. Mfuti ya pulasitiki inali idakali m'manja, chingwe chikulendewera.

"Ine za azimayi sindilowerera kwambiri. Koma mbumba iyi mwini wake ndine. Loweruka amene afike ndi ankhoswe, ndimumvera. Akafika onse, ndimvera woyamba. TV ikhala pompano kufikira tsikulo. Kuibweza lero n'kutukwana munthu amene sanatilakwire."

"Ndamva, bambo."

"Chinanso. Kuno mwamuna amamanga kwa mkazi. Malo alipo, apo pali chitsapo. Mwana wathu akuti inu malo amodzi mumagonapo masiku anayi. Nyumba ya masiku anayi sindinaionepo."

Bester anayang'ana chitsacho. Kuseri kwake kunali tchire louma, kenako phiri, kenako palibe kanthu.

"Ndiganiza, bambo."

"Ganizani."

AGerishon anayamba kuchoka. Anabwereranso, n'kutsitsa mawu.

"Bawo lanulo. Munthu angalidye?"

"Stelia amalidya."

"Eya. Ndinamuphunzitsa ndine."

*

Bester anadzuka tambala wachiwiri atalira. Pakhomo panali patagonedwa. TV inali pakhonde, atayifunditsa chitenje. Pachitseko cha kanyumba kake anapeza kapepala kopinda kanayi.

"Yambirani kutali, muzibwera chakuno. Musadwale. S."

Anakaika m'thumba. Kutali kunali ku Nsanje.

Pamsewu panalibe basi. Lamulungu inkadutsa masana. Anakhala pachikwama, akuwerenga masiku ndi zala. Nsanje Lolemba. Chikwawa Lachiwiri. Mulanje Lachitatu. Zala zinatha Dedza asanafike.

Kumbuyo kunalira injini. Lole ya Laimoni inatulukira m'njira ya kumudzi n'kuima pambali pake.

"Kwerani, achimwene. Ndinagona kwa azakhali anga. Ndikusiyani pa Zalewa, basi za ku Blantyre sizisowa."

Bester anazengereza. Kenako anakwera.

M'lolemo munkanunkha dizilo ndi fodya. Laimoni ankayendetsa ndi dzanja limodzi, mosathamanga.

"Dzulo munayankhula bwino. Ine ndaphunzirapo zambiri. Zoti imasunga zija. Dzina, chilichonse."

Bester anayang'ana kunja.

"Lachiwiri lapitali ndinali ku Nsanje, kukatula nandolo. Ndinafika nthawi ya nkhomaliro. Mtsikana wa pa kompyuta uja anati dikirani, ndimalize gemu. Wa mpata m'mano uja. Mukumudziwa eti?"

"Ndimadziwa otaipa onse."

"Inde, munanena. Ndiye ndinaima kumbuyo kwake. Anadyedwa, n'kuyambiranso. Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi, achimwene. Koma dzina la munthu ndimawerenga."

Anatsegula kabokosi ka kutsogolo. Anatulutsa disiketi yakuda, yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Anaiponya padashibodi, pansi pa galasi.

"Ndinangomufunsa kuti mlongo, dzina lanu linalowamo bwanji? Anayankhula ola lathunthu. Nandolo anatsitsa ena. Pomaliza anati tengani iyi, mukaonetse aliyense amene akufuna kuona."

"Dzulo bwanji simunaitulutse?"

"Ikanalowa pati? Mwanena nokha, kabokosi kanga kamangodziwa abakha." Anasintha giya. "Komanso ndinkafuna muyambe mwacheza kudimba. Anakufunsani eti? Akazi amafunsa. Munayankha chiyani?"

Laimoni analiza kaluzu.

"Mawa ndili ndi ufa wa ku Chifunga. Stelia alowa ntchito seveni koloko. Ine ndifika eyiti."

Msewu unakhotera kum'mawa. Bester anayang'ana pagalasi la pambali. Madenga a mudzi uja ankaonekabe, ndi utsi woyamba wa m'makhitchini. Akanatha kunena kuti imani. Kuyenda wapansi kunali theka la ola. Akanamupeza Stelia akusesa pabwalo, n'kumuuza yekha, ndi pakamwa pake.

Koma dzuwa linali litatuluka. Linalowa pagalasi lakutsogolo n'kugwa padashibodi, chikhatho chimodzi kuchokera pa disiketi. Bester ankalidziwa dzuwa la Okutobala. Ankadziwanso disiketi. Ola limodzi pamenepo, ipindika ngati tsamba la fodya. Palibe kompyuta imene ingadzaiwerenge.

Za dzuwalo sanatchule. Anayamba kufunsa za mitengo ya matayala. Laimoni anayankha mosangalala, tayala ndi tayala. Kuwala kunkasendera. Kunakhudza ngodya ya disiketi. Kunakwera pa zilembo zofiira zija.

Anadutsa milambe, anadutsa ogulitsa makala. Bester anafunsanso za masipuling'i.

Laimoni anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe. Anatola disiketiyo, anaipemerera kawiri, anaiika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Phoebe anati siifuna dzuwa," anatero. "Munamuphunzitsa bwino mtsikana uja."

Bester anayang'ananso pagalasi la pambali. Munali msewu wokhawokha.